Madzi a ku Kapichira akubwera, nanga sikelo adzagwira ndani?

Aliyense amene wayenda m'misewu ya ku Chikwawa zaka zapitazi waiona ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kulowera kumunsi, ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme. Cholinga chake n'chakuti madzi a mu Shire aziyenda okha, popanda injini zopopera, mpaka kukathirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo ndalama zake zambiri zachokera ku World Bank ndi African Development Bank. Anthu akamacheza za ntchitoyi amakamba za simenti, za makina, za tsiku limene madzi adzafike m'dera lawo. Ine nkhawa yanga ili pena. Madziwo akadzafika, mabanja zikwizikwi amene akhala akulima aliyense kamunda kake adzaphatikiza minda, adzalowa m'makopaletivi, ndipo adzamangana ndi makampani oyendetsa ulimi komanso ogula mbewu pa mapangano a zaka zambiri. Ngalande angathe kutimangira kontrakitala wochokera kutali. Kukhulupirirana kumene mapangano amenewo adzafune, tiyenera kumanga tokha, ndipo nthawi yoyambira ndi ino madzi asanafike.

Maganizo anga ndi akuti kukhulupirirana pa malonda sikudalira kukondana, chibale, kapena kupemphera mpingo umodzi. Kumakula pamene wochepa mphamvu pa mgwirizanowo aloledwa kuona sikelo ndi mabuku nthawi iliyonse popanda kuchita kugwada, komanso pamene awiriwo agwirizaniratu, zinthu zikadali bwino, za amene adzasenze chiyani chaka cha mavuto. Ndipo kuno kuchigwa cha Shire chaka cha mavuto sichichedwa kubwera.

Ndiyambe ndi ng'ombe, poti ndi chuma chimene dera lino limadziwika nacho. Munthu akugwira ntchito ku Nchalo kapena ku Blantyre, wasunga kandalama, wagula ng'ombe ziwiri zazikazi cha ku Ngabu. Khola alibe, nthawi yoweta alibe, ndiye amakasungitsa kwa munthu wa kumudzi amene ali ndi khola ndi anyamata opita nazo kubusa. Wosungayo amakama mkaka, amatenga manyowa, ndipo malinga ndi mmene anapanganirana, ng'ombezo zikaswana amapatsidwako thole. Mgwirizano wotere umatha zaka khumi, nthawi zina umafika mpaka kwa ana. Chimausunga n'chiyani? Ng'ombe ikafa, wosunga wanzeru sathamangira kugawa nyama. Amatumiza uthenga kwa mwini wake tsiku lomwelo, ndipo chikopa amachiyanika n'kuchisunga, kuti mwiniwakeyo akadzafika adzaone yekha maanga ndi chizindikiro, atsimikize kuti yafayo ndi yake ija. Masiku ano amaonjezerapo chithunzi cha pa WhatsApp. Palibe amene amati kuonetsa chikopa n'kunyozana. Wosunga amachitulutsa asanafunsidwe, ndipo n'chifukwa chake mwini ng'ombe amagona tulo ku Blantyre. Koma wosunga amene anganene kuti, "Alamu, ng'ombe ija inafa mwezi watha, chikopa anadya agalu, kodi simundikhulupirira?" ameneyo, ngakhale akunena zoona, chaka chamawa palibe adzamusungitsenso ngakhale mbuzi.

Ndikunena izi chifukwa pali chikhulupiriro chimene chatipweteka kwambiri, chakuti kufunsa masamu kwa mnzako n'kumuyesa mbava, ndipo kulemberana pepala ndi mbale wako n'kumuchotsa pa chibale. Anthu awiri amagwirizana zotsegula chigayo pa Bangula. Wina waika ndalama yogulira makina, wina wapereka malo ndipo ndiye azikhala pachigayopo tsiku ndi tsiku. Amagwirana chanza, basi. Chaka choyamba zonse zili bwino. Pofika chaka chachisanu mota inapsapo, malamba asinthidwa kangapo, magetsi anakwera mtengo, ndipo aliyense akukumbukira mosiyana za amene analipira chiyani. Nthawi zambiri palibe amene akunama pa awiriwa. Mutu wa munthu umasunga bwino zimene iye anapereka kuposa zimene analandira. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo sindikutsutsa, koma ndaona abale a bere limodzi atasiya kuyenderana, ngakhale pamaliro kukhala motalikirana, chifukwa cha chigayo chimene kope la mtengo wochepa likanachipulumutsa. Kope lolembedwa tsiku lililonse, lotseguka kwa onse awiri, limateteza chibalecho. Ndipo muzionetsetsa, amene amakana kulemba ponena kuti "ife ndife amodzi" kawirikawiri ndi amene wagwira thumba la ndalama.

Pa nzimbe ndi pamene kusiyana mphamvu kumaonekera poyera. Fakitale ya shuga m'chigwa chino ndi imodzi, ya Illovo ku Nchalo, imene achikulire ambiri amaitchabe Sucoma. Nzimbe ukabzala kamodzi umadula, zimaphukanso, umadulanso kwa zaka zingapo, choncho wolowa ulimi umenewu sanganene kuti chaka chamawa ndiyese mapira. Zikawotchedwa n'kudulidwa zimafunika kufika pafakitale msanga, popeza zikagonera shuga wa m'kati amayamba kuchepa. Malipiro ake sayendera kulemera kokha, amayenderanso kuchuluka kwa shuga amene wapezeka akaziyeza. Thumba la chimanga mlimi angathe kulinyamula n'kudziwa ngati akumubera, koma shuga wa mu nzimbe saoneka ndi maso. Wogula ndi mmodzi, mbewu sidikira, ndipo mtengo ukutuluka m'chipinda choyezera chimene mlimi wamba salowamo. Sindikunena kuti oyezawo amanama ayi. Ndikunena kuti mlimi asamasiyidwe kuti azingovomera zimene wauzidwa. Gulu la alimi liyenera kukhala ndi munthu wawowawo, womulipira okha, wodziwa kuwerenga zotsatira za kuyezako ndi kufunsa pamene sipakumveka. Nayonso fakitale imapindula nazo, chifukwa nzimbe za alimi amenewa zimathandiza kuti makina ake asamaime, ndipo mlimi wokayikira sathira feteleza ndi mtima wonse.

Mbiri ya Kasinthula ndi ya Phata, magulu awiri a alimi a nzimbe ku Chikwawa, ili ndi zambiri zotiphunzitsa. A ku Kasinthula anayamba ulimiwu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za ngongole. Kwacha itagwa mphamvu, chiwongoladzanja chitakwera, ngongoleyo inafufuma, ndipo kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalama za nzimbe linkapita kobweza. Ndalama zoonjezera za Fairtrade, zimene ogula shuga amalipira pamwamba pa mtengo kuti zitukule alimi, zinathandiza kubweretsa mijigo ndi magetsi m'midzi, koma ngongoleyo inawalemera nthawi yaitali. Taganizani za mlimi amene akuona nzimbe zake zikukwera m'malole chaka ndi chaka, koma cholowa m'thumba n'chochepa. Akapanda kukhazikidwa pansi n'kuonetsedwa bwinobwino masamu a ngongoleyo, m'mutu mwake mumabwera ganizo limodzi lokha, lakuti alipo amene akudya. Ganizo limenelo likalowa m'gulu, kulichotsa n'kovuta, ngakhale patakhala kuti palibe wadya kanthu.

Kopaletivi ya Phata inayamba mu 2011. Mabanja anaphatikiza minda yawo, malo a aliyense anayezedwa kuti gawo lake lidziwike, anatenga kampani ya Agricane kuti iziyendetsa ulimiwo mwaukatswiri, ndipo phindu limagawidwa molingana ndi kukula kwa malo amene munthu anapereka. Anasiyanso malo ena olimapo zakudya, kuti mabanja asamadalire nzimbe zokha. Chimene chimandikopa pa Phata n'chakuti eni malo anakhalabe eni, ndipo katswiri ndi munthu wopatsidwa ntchito amene ayenera kufotokoza zimene wachita. Chitsanzo chimenechi n'chimene chimatchulidwa kawirikawiri pokamba za minda ya m'mbali mwa ngalande yatsopanoyi. Koma kulembetsa kopaletivi ku boma n'kosavuta. Chovuta kutengera ndi khalidwe loimirira pamaso pa anthu chaka chilichonse n'kuwerenga ndalama zonse, zolowa ndi zotuluka, mpaka wofunsa womaliza akhutire.

Pa thonje ndiye mbali zonse ziwiri zili ndi mlandu, ndipo sindifuna kuwakometsera abale anga alimi. Kampani imabwereketsa mbewu ndi mankhwala opopera mvula isanagwe, pangano lili lakuti thonje lidzagulitsidwe kwa iyo n'kudula ngongole. Thonje likayera m'munda, pamatulukira venda pa njinga yamoto, ndalama zili m'manja, mtengo wakwezako pang'ono. Mlimi amagulitsa usiku, kapena amapereka mabelo kwa mlamu wake amene sanatenge ngongole kuti akagulitse m'dzina lake. A kampani akafika amawauza kuti mbozi zinadya. Chaka chotsatira kampaniyo imasiya kubwereketsa m'mudzi wonsewo, kapena imakweza mtengo wa zipangizo kuti ibweze zimene inataya, ndipo amene amavutika ndi mayi wokhulupirika uja amene anabweza ngongole yake yonse. Kumeneku n'kuba, ngakhale tikupatse dzina lofewa bwanji, ndipo woyamba kuberedwa ndi mnansi.

Koma tifunsenso chimene chimachititsa munthu wabwinobwino kuchita zimenezi. Ndinaimapo pamsika wina wa thonje pamene sikelo inapachikidwa nkhope yake itayang'ana kwa kalaliki, mlimi ataima kumbuyo kwake. Bambo ena achikulire atapempha kuti aone nawo, anawayankha kuti, "Madala, mukuchedwetsa mzere." Thonje lawo analitcha la giredi B popanda kuwaonetsa chimene chalakwika, ndipo ndalama anawauza kuti adzalandira sabata ya mawa. Kunyumba kwawo kuli mwana wodikira fizi, mapira m'nkhokwe atsala pang'ono kutha. Chaka chamawa venda akadzagogoda, mukuganiza kuti bambo amenewo adzamubweza? Boma limalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka chilichonse, a Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyeza masikelo a malonda, ndipo lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa Cotton Council of Malawi yoyang'anira msikawu. Zonsezi n'zabwino, koma sizifika pansi pa mtengo uliwonse pamene pakugulidwa thonje. Chimene chingafike ndi kalabu ya alimi kusonkherana n'kugula sikelo yawoyawo, kuyeza mabelo kumudzi asananyamuke, n'kulemba. Kampani yofuna kukhalitsa m'chigwa chino iyenera kukondwera ndi sikelo yachiwiriyo, itembenuze yake iyang'ane kwa mlimi, ndipo ilipire tsiku lomwelo. Kulipira msanga kumateteza thonje la ngongole kuposa kuopseza anthu ndi apolisi.

Tsopano za chaka choipa, zimene mapangano ambiri amazidumpha. Ife a kuchigwa sitifunika kuuzidwa. Mu Januwale 2015 madzi anamiza midzi, dera la Makhanga linadukiratu, kufikako kunali kwa bwato kapena helikopita. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, lomwelo limene ngalande yathu idzatengako madzi, dziko lonse n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 anafika namondwe wa Freddy. Chaka cha 2024 kunali ng'amba. Munthu amene akusaina pangano la zaka khumi kuno, kaya ndi la nzimbe, la thonje, la ng'ombe kapena la galimoto yonyamula katundu, akudziwa kuti m'kati mwa zakazo mudzakhala chaka chimene munda udzakwiririka ndi mchenga kapena mbewu idzapserera. Nanga bwanji mapepala athu amalembedwa ngati kuti zaka zonse zidzakhala zokolola? Amanena za mtengo, za tsiku lobweza, za chilango cha wochedwa, koma pa funso lakuti mtsinje wa Mwanza kapena wa Ruo ukasefukira adzasenze ndani, ali duu. Ndipo pepala likakhala chete amayankhula ndi wamphamvu, mtolo wonse n'kugwera wofooka.

Ndikudziwa mayi ena a geni ya nsomba amene kwa zaka zambiri akhala akupikula milamba yowamba kwa msodzi mmodzi wa m'dambo la Elephant Marsh n'kumakagulitsa ku Limbe. Amatumiza ndalama pafoni nsomba asanazione, msodziyo amakweza dengu pa minibasi, ndipo sayambana pa kawerengedwe chifukwa aliyense amalemba m'kope mwake, mwezi ukatha amafananitsa. Freddy atadutsa, bwato ndi maukonde a msodziyo zinapita ndi madzi, ali ndi ndalama za mayiwo zimene anali atalandira kale. Anaimba foni mawu akunjenjemera, nati, "Mayi, ndalama zanu zija ndilibe pogwira." Iwo anayankha kuti, "Achimwene, za ndalama tidzakamba mukayamba kupha. Panopa ndiuzeni, ukonde akugulitsa zingati?" Anamutumizira ya ukonde, n'kuilemba m'kope momwemo ngati ngongole yoti azidula pang'onopang'ono pa dengu lililonse. Sanamukhululukire ngongoleyo, ndipo msodziyo sanapemphe kuti amukhululukire. Anangoisuntha kuti ikumane ndi nthawi imene munthuyo angathe kubweza. Lero nsomba zikasowa, ogula ena akamalimbirana padoko ndi mitengo yokwera, dengu loyamba limakhala la mayi aja. Chifundo chinalipo ndithu, koma anawerengeranso bwino: ukonde umagulidwa tsiku limodzi, pamene msodzi wokhulupirika umatenga zaka kuti umupeze.

Zimene mayiwa anachita motsata mtima wawo, makampani ndi makopaletivi ayenera kuzilemba m'pangano kuyambira tsiku loyamba. Munda ukakokoloka, ngongole ya chaka chimenecho isunthidwe ndipo chiwongoladzanja chiime. Chaka chokolola bwino gulu lizipatula ndalama yosungira tsiku la tsoka, ngakhale mamembala ena adandaule kuti gawo lawo lachepa. Mtengonso usamakhale womwewo zaka zambiri m'dziko limene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anthu amene anapangana mtengo wonyamulira katundu kapena wa lendi ya munda mu Okutobala 2023, pofika Khirisimasi anali ndi pangano lina, ngakhale mawu a papepala sanasinthe. Wina wapindula mwamwayi, wina waluza popanda kulakwa, ndipo wopindulayo akaumirira kuti "tinasainirana", pa lamulo wakhoza, koma mnzake wa malonda wamutaya. Pangano la nthawi yaitali lizinena lokha kuti tizikhala pansi liti kuunikanso mtengo, ndipo pounikapo tiziyang'ana chiyani, kaya ndi mtengo wa feteleza, wa mafuta, kapena wa mbewuyo pamsika.

Ena adzati kufewa kotere kumapereka mpata kwa achinyengo, kuti aliyense adzayamba kulira kuti madzi anamukokolera ngakhale munda wake uli kumtunda. Nkhawa imeneyi ndi yoona, tonse tinaonapo anthu akulembetsa mayina pa thandizo la ngozi imene sinawakhudze. Yankho lake ndi lomwe lija la chikopa cha ng'ombe. Wonena kuti waonongekeredwa aonetse, ndipo oona akhale a mbali zonse ziwiri, mlangizi wa kampani ndi anthu osankhidwa ndi alimi, afike pamundapo madzi akangophwa. Enanso adzati mphamvu yokhayo imene mlimi wosauka ali nayo ndi ufulu wogulitsa kwa aliyense amene wakweza mtengo, ndiye kumumangirira pa wogula mmodzi n'kumufoola. Apa pali zoona ndithu, koma si zonse. Pangano limene limamanga mlimi yekha, kampani ili yomasuka kusintha giredi, kuchedwa kulipira kapena kusabwera kumene, limenelo mlimi alikane, ndipo ine ndidzakhala kumbali yake. Koma venda wa njinga yamoto uja sabwera ndi mbewu mu Novembala, ndipo madzi akasefukira foni yake sipezeka. Ufulu wogulitsa kwa aliyense umakoma mwezi wokolola wokha. Miyezi ina yonseyo mlimi amafuna munthu amene akhalapobe.

Kutalika kwa nthawi pakokha kumasintha khalidwe la anthu. Mu 2003 boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse nkhalango ya Majete kwa zaka 25, pa nthawi imene nyama zikuluzikulu zinali zitatha ndi opha mozemba. Podziwa kuti akhalitsa, anamanga mpanda, anabweretsa zipembere, kenako njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012, ndipo anayenera kuphunzira kukhala bwino ndi midzi yozungulira, poti mpanda umene anthu saufunira zabwino sukhalitsa. Wa pangano la chaka chimodzi sakanachita zimenezo. Ku Nsanje kuli chitsanzo cha mbali inayo. Doko linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, koma njira ya pamadzi yokafika kunyanja yaikulu imadutsa mu Mozambique, ndipo anzathuwo anali asanavomere, ankafuna kuti kafukufuku achitike kaye. Simenti inatsogola, mgwirizano unatsalira m'mbuyo, ndipo mpaka lero sitima za katundu sizikocheza pamenepo. Ndikaona ngalande ya Kapichira ndimakumbukira doko limenelo, ndipo sindifuna kuti ana athu adzaone ngalande yodzaza madzi ikudutsa pakati pa minda ya anthu amene akusumirana kukhoti.

Ndikhalitse pang'ono pa za m'kati mwa gulu, chifukwa timafulumira kuloza chala kampani pamene vuto lina lili pakati pathu. Makopaletivi ambiri amafa ndi komiti yawo yomwe. Wapampando amene anasankhidwa kwa zaka zitatu amapezeka ali pomwepo chaka chachisanu ndi chitatu. Ntchito za ulonda ndi ukapitawo zimapita kwa adzukulu ake. Misonkhano ya komiti imachuluka chifukwa cha maalawansi, pamene msonkhano waukulu wa mamembala onse umangosunthidwa. Ukachitika, malipoti a ndalama amawerengedwa m'Chingerezi mothamanga, dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo, anthu akufuna kubalalika, kenako akuti, "Pali funso? Palibe." Malamulo a makopaletivi amafuna msonkhano wa pachaka ndiponso kuti mabuku aziunikidwa ndi owerengera ndalama, koma lamulo silingamulimbitse mtima mayi wa kumudzi kuti aimirire n'kufunsa mfumu yake, kapena mkulu wa mpingo wake, kuti ndalama ya thirakitala inapita kuti. Chimene chingathandize ndi kuti masamuwo azifika kwa anthu asanafunse. Mwezi uliwonse amatidwe pakhoma la ofesi m'Chichewa ndi m'Chisena, kuti munthu aziwerenga yekha, kapena mwana wake amuwerengere, popanda kuoneka ngati akuderera akuluakulu. Amayi a banki mkhonde anazindikira kale zimenezi. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Palibe amene amakwiya nazo, ndipo timagulu timeneti tafalikira pafupifupi mudzi uliwonse. Kopaletivi ya mahekitala mazanamazana isachite manyazi kuphunzira kwa iwo.

Palinso nkhani imene anthu amaopa kuikamba poti imakhudza imfa. Mgwirizano wa zaka makumi awiri umaposa moyo wa ena mwa osaina. Chigwa chino chili ndi miyambo iwiri yokhalira limodzi. Kwa Amang'anja, mwamwambo, mbumba ndi malo zimayendera kuchikazi, pamene kwa Asena, amene amalowola, zimayendera kuchimuna, ndipo mabanja ambiri lero ndi osakanikirana. Munda ukakhala pawokha malire ake amaoneka, ndipo mkangano umakathera pabwalo la mfumu. Koma ukalowa m'munda waukulu wa gulu, mitengo ya m'malire yazulidwa, nthaka yasalazidwa, chotsala ndi dzina m'kaundula. Mwini dzinalo akamwalira, gawo lake adzalandira ndani, mkazi wamasiye, ana, kapena mwana wa mlongo wake? Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo awo, ndipo limeneli ndi thandizo lalikulu, koma kaundula amasunga zimene wauzidwa. Banja likapanda kukhala pansi mwini wake ali moyo n'kugwirizana za wolowa m'malo, ndalama ya phindu ikadzangotuluka, amalume ndi ana adzakumana pakhomo la ofesi ya kopaletivi, ndipo amene amabwerera chimanjamanja kawirikawiri ndi mayi wamasiye amene analima mundawo zaka zonse.

Pangano lizinenanso za potulukira. Munda umene waphatikizidwa kale, mapaipi n'kudutsamo, sungabwezedwe kwa mwini wake monga unalili. Ndiye munthu akafuna kusiya, kaya wasamuka, kaya watopa ndi mikangano, gawo lake angalipereke kwa ndani, ndipo mtengo wake adzatchula ndani? Kampani yoyendetsa ulimi ikalephera ntchito zaka ziwiri zotsatizana, mamembala ali ndi mphamvu yoichotsa n'kutenga ina? Munthu amene akudziwa kuti sangatuluke zivute zitani amakhala mwamantha, ndipo wamantha amakayikira chilichonse. Nayenso woyendetsa amene akudziwa kuti sangachotsedwe amasiya kufotokoza.

Choncho pamene akuluakulu a mapulojekiti ndi makampani akuyenda m'midzi ya kwa Kasisi, Katunga, Maseya, Lundu ndi kumunsi konseko ndi mapepala awo, pempho langa likupita kwa mafumu athu. Musalole kuti anthu anu asaine kapena kudinda chala tsiku lomwe pepala lafika. Litsale m'mudzi, m'chiyankhulo chimene anthu amayankhula, achinyamata amene anapita kusukulu aliwerenge mokweza pabwalo kawiri katatu. Amayi akhalenso paokha n'kusonkhanitsa mafunso awo, chifukwa pamsonkhano wa onse ambiri a iwo sayankhula. Alendowo akadzabweranso afunsidwe za amene adzaime pa sikelo, za chaka cha madzi osefukira, za gawo la wamasiye, ndipo mayankho awo alowe m'pepalamo, asathere m'malere pansi pa mtengo. Kampani imene ikufuna kulima nafe zaka makumi awiri ingathe kudikira mwezi umodzi kuti mudzi uwerenge.